Epuloni ya Chilembo Chofiira

Maere alibe chisoni. Mwa timapepala tonse timene tinali m'chipewa cha malume Wiebe, dzanja la Renske linakatola kamene kanali ndi dzina limene ankaliopa kuposa onse: Hilda. Eya, mayi Hilda Boersma, amake a Douwe, mayi amene chiyambireni chibwenzi cha Renske ndi mwana wawoyo anali asanamutchulepo mtsikanayo dzina lake. Ankangoti "mnzako uja," ngati akunena chimfine chimene mwana wawo watola m'basi.

Mwambo wa Sinterklaas, chikondwerero chopatsana mphatso Khirisimasi isanafike, sukambirana ndi munthu. Dzina limene watola ndi chinsinsi chako. Mphatso ukonza mobisa, uikapo kandakatulo konyogodola mwini wakeyo, ndipo akatsegula amathokoza Sinterklaas mwini wake, nkhalamba ya m'nthano ya ndevu zoyera, osati iwe.

"Watola ndani?" anafunsa Douwe akukankha njinga zawo m'mbali mwa ngalande.

"Ukufuna ndiswe mwambo?"

"Nkhope yako yauswa kale. Ndi amayi, eti?"

Renske anaima. "Douwe, munthu woti ali ndi zonse ndimupatse chiyani? Ukudziwa kuti chichepetsereni masiku anga a ntchito, m'chikwama mwanga mumangolira mphepo."

"Soka. Manja akowa amatha zimene ndalama sizingathe. Amayi amalemekeza ntchito ya manja kuposa zogula."

"Chaka chatha Saskia anawapatsa chiyani?"

Douwe anakanda m'khosi. "Mpango wa silika. Koma sauvala kawirikawiri."

"Anauvala lero."

Saskia ameneyu anali mwana wa adokotala a nyumba yoyandikana ndi ya a Boersma, ndiponso chibwenzi chakale cha Douwe. Chibwenzicho chinatha, koma mpando wake patebulo la Lamlungu sunathe. Ankati "Anti Hilda" ndi mawu ofewa, ndipo dzina lake linali m'chipewa muja ngati la wa m'banja.

"Usadere nkhawa," anatero Douwe, namupsompsona pachipumi. "Pa tsiku limenelo amayi adzaona chimene ine ndinaona."

Renske anamwetulira modzikakamiza. Ankadziwa kuti mphatso imeneyi ndiyo idzamutsegulire khomo la nyumba ija kapena kumutsekera.

* * *

Loweruka m'mawa analowa m'sitolo ya kaunjika ya kuseri kwa siteshoni atakokera chipewa mpaka m'nsidze. Kugula za kaunjika si mlandu, theka la tauni yathu ya Sneek limagula komweko. Koma kugula za kaunjika zokapatsa apongozi ako a mawa, imeneyo ndi nkhani ina. Ankapapasa mulu wa makatani akale pamene anamva mawu otsekemera mopitirira muyeso.

"Iii, koma si Renske uyu? Takulandirani, a telala!"

Anali Saskia. Mwana wa adokotala sasowa kanthu, choncho ankathandiza m'sitolomo mwaulere Loweruka lililonse, ndipo tauni yonse inkadziwa za mtima wake wabwinowo chifukwa ankaulengeza yekha. Makutu a Renske anatentha.

"Ndikungoona chabe."

"Manyazi a chiyani, mnzanga? Za Sinterklaas, eti? Ayi, usandiuze, usandiuze, mwambo!" Anatseka makutu akuseka. "Koma ngati ukufuna nsalu yeniyeni, siya zisanza izo. Tadikira."

Analowa kuseri, nabwerako atanyamula nsalu yaikulu yoyala patebulo. Inali yoyera mbuu, yolemera, yozizira m'manja, ndipo ukaipendeketsa ku kuwala munkaoneka maluwa olukidwa m'kati mwake momwemo. Renske anaisisita. Nsalu yotere anali atangoiona m'mawindo a masitolo amene salowamo.

"Ndinaisunga kudikira munthu woidziwa nsalu," anatero Saskia. "Tenga pa mtengo wa makatani awo. Pakati pa ife atsikana."

Renske anathokoza, nathokozanso, mpaka kudzimvera chisoni kuti ankamuganizira mnzakeyo zoipa. Za chikomekome cha mkuyu ankazidziwa, koma pa mtengo umenewo ndani akanafuna kusuzumira m'kati?

* * *

Atayala nsaluyo pansi m'kachipinda kake, anaona pangodya pali zilembo ziwiri za ulusi wofiira, zosokedwa ndi timitanda ting'onoting'ono monga akale ankachitira pa nsalu za ukwati: H ndi V. Anaomba m'manja yekhayekha. Hilda! Mwayi winawu umachita ngati wakusakasaka.

"V iwe ndiwe wa munthu wina," anatero, "koma H uyu ndi wa amayi Boersma." Sizasi inalira kamodzi, zilembo ziwirizo zinasiyana.

Anasoka epuloni. Osati yongogwirizira ayi, koma ya zingwe zazitali, ya thumba lakuya, m'mphepete mopinda kawiri ndi dzanja kuti msoko usaoneke. H uja anamuika pachifuwa, mbali ya kumtima. Makina ake akale ankadumpha ulusi ngati mmene amachitira akakwiya, iye nkumawanyengerera ngati mwana.

Foni inalira. Unali uthenga wa Douwe: "Zikuyenda, a telala anga?"

"Usandisokoneze. Ndapeza chuma."

"Tanditumizira chithunzi ndione."

"Ayi. Mwambo."

Abale, chithunzi chimodzi chokha chikanapulumutsa anthu! Koma Renske anaika foni pansi akumwetulira, nayang'ana nsalu imene inatsala. Inali yambiri, ndipo mwana wokulira m'nyumba yosataya kanthu sataya nsalu yotere. Ukaipa dziwa nyimbo. Ngati sangagule, asoke mpaka nyumba yonse imudziwe. Anasokera malume Wiebe kathumba ka magalasi, alamu ake a mawa zogwirira mapoto, ngakhale Saskia amene, kathumba ka zodzoladzola pomuthokoza.

Pomaliza panatsala kachidutswa ka V kaja. Anakatembenuzatembenuza, kenaka anaseka. V ndi theka la mtima, umangofunika denga. Anatenga ulusi wofiira nasoka timauta tiwiri pamwamba pake, V nasanduka mtima pakona ya kampango ka m'thumba. Kameneko kanali ka Douwe. Anakakulunga m'pepala, nalembapo dzina lake, nkhope ikutentha ngati pali wina akumuona.

* * *

Madzulo a tsiku la Sinterklaas nyumba ya a Boersma inkawala kuchokera kumsewu. Makatani a nyumba imeneyo sanatsekedwepo chimangireni, monga zilili mumsewu wonsewo. Mayi Hilda ankati wotseka makatani ali ndi chobisa.

M'kati munali fungo la chokoleti chotentha ndi timabisiketi ta zonunkhira. Chiguduli cha mphatso chinali pakati pa balaza. Malume Wiebe, mlongo wawo wa mayi Hilda, anali atalandira kale masokosi ndi ndakatulo yonena za mkonono wawo, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Saskia anakhala pafupi ndi mayi Hilda, akuwathirira chokoleti asanapemphe. Renske anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Ili ndi lanu, Anti Hilda," anatero Saskia, natulutsa phukusi lofewa. Anamuponyera Renske diso.

Mayi Hilda anavala magalasi nawerenga mokweza:

"Amayi Hilda, mphika wanu sugona,
supu yanu imadzutsa ndi odwala omwe,
koma madontho apeza nyumba pa diresi lanu.
Sinterklaas waona, wagwira singano,
kuti dzina lanu likhale pamtima panu."

"Ha!" anakuwa malume Wiebe. "Nkhalamba ija chaka chino yaphunzira kusoka! Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa!" Anamutsinzinira Renske, anthu onse naseka. Ndipo mayi Hilda, mayi Hilda enieniwo, anamwetulira. Douwe anamufinya Renske dzanja pansi pa tebulo.

Pepala linang'ambika. Epuloni inatambasuka pamiyendo pawo, yoyera mbuu.

Kumwetulira kuja kunazima. Chala chawo chinapita pa H, chinayenda pa timitanda tija kamodzikamodzi.

"Wiebe," anatero ndi mawu otsika. "Tabwera udzaone."

Malume anawerama, nachotsa magalasi, nawavalanso. "Mlongo, izi zimafanana..."

"Sizifanana, ndi yomweyo. Mwendo wa H uwu ndi wopindika chifukwa amayi anausoka maso atayamba kufa. Hilda Veenstra, dzina langa ndisanakwatiwe. Iyi ndi nsalu ya ukwati wanga." Anakweza mutu. "Ndani wasoka chinthu ichi?"

"Mlongo, mwambo sulola kuti..."

"Mwambo ukhale pambali!"

Panalibe chobisa. M'nyumba monsemo wodziwa singano anali mmodzi. Renske anaimirira.

"Ndine, amayi. Sindinadziwe. Ndinaona H, ndinkati..."

"Nsalu imeneyi ndinayala komaliza pa maliro a bambo ake a Douwe. Inasowa mu Epulo. Ndinagwedeza nyumba yonse. Ndinafika pochotsa ntchito mayi wotithandiza kuyeretsa, munthu amene ndinakhala naye zaka zambirimbiri." Anatembenuza epuloni ija. "V ali kuti?"

Renske anayang'ana pansi. "Ndinadula."

Akanakonda pansi pakanang'ambika nkumumeza ndi mpando womwe. Manyazi anamukwera kuchokera kumapazi mpaka kutsitsi. Anatembenukira kwa munthu yekhayo amene akanamuchitira umboni.

"Ndinagula kukaunjika, amayi. Saskia, tanena. Ndiwe unanditengera kuseri kuja."

Saskia anaika dzanja pachifuwa, maso ali tong'o. "Ine? Renske, mnzanga, m'manja mwangamu mumadutsa nsalu zosawerengeka. Koma nsalu ya Anti Hilda? Ndadyerapo Khirisimasi kuyambira ndili kamwana. Ndikanaiona, bwenzi nditathamanga nayo kuno tsiku lomwelo." Anapumira m'mwamba. "Paja mu Epulo muja si mmene unayamba kubwera kuno? Ayi, sindikunena kanthu ine. Ndikungokumbukira."

Renske anayang'ana Douwe. Douwe ankayang'ana m'kapu mwake ngati mwagwera ntchentche. Dzanja lija linali litachoka kalekale.

Malume Wiebe, pofuna kuzimitsa moto, anathira mafuta. "Tiyeni tipitirize, abale, zikambidwa mawa izi." Anapisa m'chiguduli, natulutsa kaphukusi ka dzina lawo, nang'amba. M'manja mwawo munagwera kathumba ka magalasi, koyera mbuu, ka maluwa olukidwa m'kati.

Mayi Hilda anakayang'ana, nayang'ana chiguduli chimene chinali chikadali chotupa.

"Muli zinanso?"

"Aliyense ali ndi kake," ananong'ona Renske. "Sindinafune kutaya."

"Wandigawa amayi anga ngati keke."

Mayi Hilda anapinda epuloni ija mosamala, H ali pamwamba, naikumbatira.

"Renske," anatero. Aka kanali koyamba kumutchula dzina, ndipo analitchula bwinobwino, kusonyeza kuti ankalidziwa masiku onsewa. "Tenga jasi yako."

* * *

Panja mphepo inkaluma. Renske ankalimbana ndi loko wa njinga, zala zikukana, misozi ikutseka maso. Wakuba. Sananene mawuwo, koma anamveka m'nyumba monse. Chitseko chinatseguka, Douwe natuluka wopanda jasi.

"Renske, dikira."

"Tsopano pakamwa patseguka?"

"Ndikudziwa kuti sunabe."

"Zikomo kwambiri, bwana. Bwenzi utanena m'katimo."

"Ndikudziwa chifukwa..." Anayandikira. "Ndine ndinapititsa nsaluyo kukaunjika."

Loko uja anagwa pansi.

"Amayi anandituma kukasiya makatoni a zovala za malemu bambo. Ndinanyamula onse amene anali pakhonde, osayang'ana m'kati. Imodzi inali ya nsaluyo, anaiika pamenepo kuti ipite kochapitsa. Nditazindikira ndinathamangirako, koma Saskia anati inagulidwa kale. Ndinamupempha kuti asanene."

"Ndiye kuti Saskia ankadziwa."

"Iyeyo ndiye analandira makatoniwo."

Renske anaseka, kuseka kowawa. Anaona zonse tsopano: nsalu yobisidwa kuseri miyezi yonseyi, mawu otsekemera aja, ndi iye mwini akuthokoza mobwerezabwereza ngati chitsiru. Zimenezo zinamupweteka kuposa zonse. Msampha anaulipira yekha, naunyamula yekha, nausoka ndi manja ake.

"Nanga mayi woyeretsa uja? Anachoka iwe ukuyang'ana?"

Douwe anazyolika. "Amayi anali akulirabe bambo. Ndinkati ndiwauza mawa. Mawa likafika, ndinkati mawa."

"Mawa lako lija ndi limeneli, Douwe. Landigwera ine."

"Ndipatse nthawi pang'ono. Khirisimasi ikadutsa, mtima wawo ukakhala pansi..."

"Nanga wanga ndi wachitsulo? Amayi ako akugona lero akudziwa kuti mwana wawo anabweretsa wakuba m'nyumba. Ine ndilibe silika, ndilibe bambo dokotala. Ndili ndi manja awa ndi dzina langa basi, ndipo zonse ziwiri zatsala m'balazamo." Anapukuta misozi ndi mkono wa jasi. "Ndikanatha kulowa nkukanena ndekha, koma andikhulupirira ndani? Mawu amenewa ndi ako."

"Ndimakukonda, Renske."

"Kanene zimenezo uko, osati kuno kumdima. Lowa. Ine ndiima pompano. Ukawauza, ubwere pawindo undikodole. Ukalephera, usadzandifunenso."

Douwe anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Kenaka anagwedeza mutu, nalowa.

Renske anaima pansi pa nyale ya mumsewu atagwira njinga. Kudzera pawindo lalikulu lija ankaona zonse. Mayi Hilda anali pampando wawo, epuloni ili pachifuwa. Malume Wiebe ankayang'ana kudenga. Douwe analowa, nayenda mpaka pamaso pa amake, naima. Anatsegula pakamwa. Renske ananong'ona chamumtima: Nena, wokondedwa, nena.

Pamenepo Saskia anawerama pachiguduli. Anatulutsa kaphukusi kakang'ono, nawerenga dzina, nakaika m'manja mwa Douwe akumwetulira. Renske analizindikira pepala lake lija.

Douwe anatsegula ngati munthu wolota. Kampango kanatambasuka. Ngakhale ali kumsewu, Renske anaona kadontho kofiira pakona: V wa amayi ake a Hilda, amene Renske yemweyo anamusandutsa mtima. Douwe anakayang'ana. Anayang'ana amake, amene anali atayamba kukweza mutu. Ichi chinali chilembo chimene ankachifunsa, chili m'manja mwa mwana wawo. Akanangotambasula dzanja, nkhani yonse ikanayambira pomwepo.

Koma Douwe anakafumbata kampangoko msangamsanga nakakankhira m'thumba la thalauza.

Saskia anaona. Anamugwira Douwe paphewa, namukhazika pampando umene Renske anakhalapo. Kenaka anayenda pang'onopang'ono kubwera pawindo. Anayang'ana kumsewu, maso ake nakumana ndi a Renske, nakweza dzanja ngati akufuna kumukodola.

Dzanjalo linagwira katani. Ndipo kwa nthawi yoyamba chimangireni nyumba ya a Boersma, makatani anatsekedwa.